Bala ya ku Chembe komwe ma Irish amati mowa ngotchipa

Amene mukukonza zopita ku Cape Maclear nkumafunsa kuti tikamwere kuti, ndikuuzeni za bala ina ili pamchenga penipeni ku Chembe, mukakhala pansi chilumba cha Thumbi chili pamaso panu. Dzina sinditchula chifukwa muli zina zomwe ndidandaule m'munsimu, ndipo sindikufuna anyamata a pa kauntala akaitanidwe ku ofesi chifukwa cha ine. Pa nyenyezi zisanu ine ndikuipatsa zitatu. Malo ndi abwino, mowa wakwathu umakhala wozizira zenizeni osati zongonyowetsa botolo zija, nsomba ndi bho, koma mitengo anaiika akuyang'ana thumba la munthu wolandira ma euro, ndiye iwe wa kwacha uzilowa ukudziwa.

Makasitomala ambiri achizungu pamalopa ndi ma Irish, ndipo sizodabwitsa. Ku Chembe kuli chipatala cha Billy Riordan chija, chomwe mayi Mags Riordan a ku Dingle ku Ireland anatsegula mu 2004 pokumbukira mwana wawo yemwe anamira m'nyanja yomweyi mu 1999, ndiye kwa zaka zonsezi mudziwu unazolowerana ndi anthu a ku Ireland. Onjezerani kuti Ireland inatsegula ofesi ya kazembe ku Lilongwe mu 2007, kuli mabungwe awo ngati Concern Worldwide ndi Trócaire, anthu amenewa Lachisanu likakwana ena amakwera galimoto kutsikira kunyanja. Mwini bala anaona zimenezi, anapachika mbendera yawo ija yobiriwira, yoyera ndi ya olenji pamwamba pa kauntala, pa bolodi nkulembapo Guinness ndi Jameson ndi choko chachikulu kuposa china chilichonse.

Ine ndimakhala ku Mangochi boma, ndimafikako mwa apo ndi apo ndi anzanga, ndipo chomwe chimandisangalatsa nchakuti anthu amenewa savuta kucheza nawo. Ukangokhala tebulo loyandikana nkhani yayamba kale, ndipo posachedwa ifika pa mtengo wa mowa, chifukwa kwa iwo imeneyo ndi nkhani ngati momwe ife timakambira za mtengo wa thumba la feteleza. Pafupifupi onse amanena chimodzimodzi, kuno mowa ngotchipa. Poyamba zimakupweteka kumva, iwe ukuwerenga ma K1,000 ako pansi pa tebulo wina akuti ngotchipa, koma ukamva zomwe amalipira kwawo umamvetsa.

Kwawoko mowa wa m'bala amagula pa painti, yomwe ndi 568ml, kutanthauza kuti mabotolo awiri a Green apitirira pang'ono painti imodzi. Painti ya Guinness m'madera ambiri inadutsa kale 5 euro, ndipo ku Dublin mbali ya Temple Bar komwe kumadzadza alendo ili cha m'ma 10 euro. Ku banki euro imodzi ili cha m'ma K2,000 panopa, masamuwo pangani nokha, kapu imodzi imeneyo. Boma lawo limadula msonkho wa mowa womwe uli m'gulu la misonkho yokwera kwambiri ku Ulaya konse, pamwamba pake nkuikapo VAT ya 23 peresenti. Ndiye ukati chabwino ndikagule m'shopu ndikamwere kunyumba, kumenekonso anatsekako. Kuyambira pa 4 January 2022 kuli lamulo loti mowa usagulitsidwe pansi pa 10 cent pa giramu iliyonse ya alikoholi yomwe ili m'botolomo, likuchokera m'lamulo lawo la zaumoyo la 2018. Zikutanthauza kuti chitini cha 500ml cha mowa wamba sichingatsike pansi pa 1.70 euro, botolo la wayini cha m'ma 7.40 euro, botolo la wisiki la 700ml cha m'ma 22 euro, ngakhale mwini shopu atafuna kupanga sale bwanji. Chodabwitsa nchakuti ndalama yoonjezerayo si msonkho ayi, imatsala kwa ogulitsa, boma cholinga chake chinali kungochotsa mowa wotchipitsitsa womwe umapweteka achinyamata ndi zidakwa. Scotland ndi yomwe inayamba zimenezi mu 2018.

Ndipo anthu ndi anthu basi. Mmodzi mwa iwo, mnyamata wa chakumpoto kwa dziko lawolo, amafotokoza kuti a kufupi ndi malire amangowoloka kupita ku Newry, mbali ya Northern Ireland yomwe ili pansi pa Britain, kukadzadza buti ya galimoto, ndendende momwe anthu a ku Namwera ndi Chiponde amalowera ku Mandimba kukatenga 2M ndi Manica. Tinaseka kwambiri pamenepo.

Ena pagululi anayendapo mayiko ena asanafike kuno ndipo ndi amene amaitama Mangochi mopitirira. Mayi wina namwino anagwirapo ntchito ku Dubai, komwe ma Irish ambiri amapita kukaphunzitsa ndi kukagwira m'zipatala, akuti kumeneko malipiro ndi abwino koma bala imakudya wamoyo, mowa umapezeka m'mahotela ndi malo a chiphaso okha. Dubai inachotsa msonkho wake wa 30 peresenti pa mowa kumayambiriro kwa 2023 koma inaubwezeretsa mu January 2025. Ku Saudi Arabia nkosayamba nkomwe, mowa ngoletsedwa kwa anthu wamba. Ku Norway mowa waukali ndi wayini umagula m'mashopu a boma okha otchedwa Vinmonopolet, pa mtengo woti ngakhale mu Irish amagwira pakamwa. Ku Sydney nako akuti ukaitanitsa mowa amakupatsa kapu ya 425ml yotchedwa schooner, yaing'ono kuposa painti yomwe anazolowera, ndalama nkukhala yambiri ndithu. Ndiye munthu wotere umukhazike pamchenga ku Chembe, dzuwa likulowa, nkumuuza kuti Green ndi ndalama yosafika 3 euro, akuona ngati wapatsidwa ulere, sangakanganenso za mtengo. Vuto lake ndi lomwelo, akapanda kukangana iwo mtengo umakhazikika pomwepo, ndipo tonse timalipira womwewo.

Tsopano za mowa weniweniwo. Green, Special ndi Kuche Kuche zilipo nthawi zonse, sindinapezepo zitatha. Mtengo wake ndi pafupifupi kawiri wa ku bottle store ya m'mudzi momwemo, mamita ochepa chabe kuseri kwa mpanda. Ena zimawakwiyitsa koma ine pamenepa sindidandaula kwambiri, chifukwa ukulipira mpando, mthunzi, chimbudzi chabwino ndi furiji yomwe imagwirabe ntchito magetsi akazima, ali ndi sola komanso jenereta, ndipo amene munakhalako ku Mangochi mu October mukudziwa kuti mowa wozizira kuno si nkhani yamasewera. Ma Irish omwe akhalitsa onse amamwa Green, ndipo amadabwa ukawauza kuti fakitale ya Carlsberg ya ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 1968, inali yoyamba kumangidwa kunja kwa Denmark, ngakhale kuti kuyambira 2016 kampaniyo ili m'manja mwa Castel.

Guinness ndi pomwe balayi yandikhumudwitsa. Yomwe ali nayo ndi ya m'chitini, amati amaitanitsa ku South Africa, ndipo chitini chimodzi mtengo wake ndi ma Green anayi. Anayi, abale. Ndinagula kuti ndilawe chomwe anthu amachitamachi. Achimwene a pa kauntala anatsegula nkuthira mwachangu m'tambula yonyowa yomwe inali itangochoka mu beseni, thovu linasefukira pa kauntala, theka la ndalama zanga nkupukutidwa ndi kansanza. Bambo wina wa ku Cork yemwe anali pambali panga anangotseka maso. Ndi amene anandifotokozera kuti Guinness yomwe iwo amaisowa ndi ya pampopi, yothiridwa ndi mpweya wa nayitirojeni womwe umapangitsa thovu kukhala losalala ngati kirimu, ndipo amathira kawiri, koyamba kapu isadzadze, nkudikira kuti ikhazikike, kenako nkumalizitsa, zonse pamodzi pafupifupi mphindi ziwiri. Ya m'chitini ija ili ndi kampira kapulasitiki mkati koyesa kutsanzira zimenezo, koma imafuna ikhale yozizira bwino komanso kapu youma yoyera. Apa palibe amene anawaphunzitsa anyamatawa, ndipo si vuto lawo, ndi la bwana amene akugulitsa chinthu pa mtengo wa ma Green anayi osapatula ngakhale theka la ola kuwaonetsa kathiridwe.

Komanso dziwani kuti Guinness si imodzi. Ya pampopi ya ku Ireland ili ndi 4.2 peresenti yokha, ndi yopepuka kuposa momwe mtundu wake wakudawo umaopsezera. Yomwe imadziwika kwambiri mu Africa muno ndi Foreign Extra Stout, ya ku Nigeria imafika 7.5 peresenti, yowawa komanso yaukali, ndipo fakitale yake ya ku Lagos inamangidwa mu 1962. Ndiye mukamva munthu akuti Guinness imagwetsa mufunse kaye kuti iti. Mbiri yake nayo amaikonda kuifotokoza akangomwa awiri, zoti Arthur Guinness anasainira lendi ya zaka 9,000 pa malo a St James's Gate ku Dublin mu 1759, pa mapaundi 45 pachaka. Landilodi ameneyo ndikanakonda nditamupeza kuno ku boma.

Kunena mwachilungamo, kudula kwa chitinicho sikuti konse ndi dyera. Chilichonse chochokera kunja panopa chikufuna forex yomwe kulibe, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu ayende pamsewu kuchokera ku South Africa, alipiridwe msonkho pa boda, afike ku Blantyre kapena ku Lilongwe, wina akamutenge, adutse pa Monkey Bay nkukwera mapiri aja mpaka ku Chembe. Aliyense pamzerewu akuikapo yake. Ndiye mtengo ndikuumvetsa, chomwe sindikumvetsa nkugula. Ma Irish eni akewo sagula, kupatula amene wangofika kumene kapena amene wagwidwa ndi chifundo cha kwawo, ndipo akamaliza chitini chimodzi amabwerera ku Green mwakachetechete. Amene ndinawaona akuitanitsa Guinness mobwereza anali anyamata athu ochokera ku tauni, ojambulitsa nayo zithunzi. Ngati mukufuna mowa wakuda, tsiku lina anali ndi Laurentina Preta ya ku Mozambique pa theka la mtengowo, ndipo bambo a ku Cork aja anati siyofanana koma siyochititsa manyazi.

Jameson nayo ndi nkhani yomweyo. Botolo ndi lenileni, ndinaliyang'ana, koma kathoti kake nkakang'ono. Ku Ireland muyezo wa m'bala ndi 35.5ml, pomwe kuno ambiri amatsata ka 25ml ka ku South Africa, ndiye mu Irish akaitanitsa imodzi amayang'ana m'kapu ngati mwagwera ntchentche, nkuitanitsa dabulo, bilu nkukwera kawiri. Apa ndi pomwe ena a iwo amayamba kuzindikira kuti kutchipa kuja kumathera pa mowa wa m'dziko muno, ukangokhudza cha kwawo ukulipira pafupifupi ngati uli kwawo konko, mwinanso kuposa.

Chomwe ndingakulimbikitseni ndi mtima wonse ndi Malawi Gin ndi tonic. Apa balayi imachita bwino kwambiri, ayisi alipo wokwanira, ndimu ndi wa m'mudzi momwemo wongothyola kumene, sakuumira, ndipo mtengo sukusiyana kwambiri ndi Green. Azungu onse amene akhalitsa amathera pamenepa, ena pobwerera kwawo amanyamula botolo m'chikwama.

Koma chinthu chimodzi chomwe chingakugwetseni m'mavuto pamalopa si bolodi la mitengo, ndi chikhalidwe chawo cha raundi. Ife tikamamwa, amene ali nazo tsiku limenelo amagulira anzake, mawa zikatembenuka winayo adzabweza, palibe amene akuwerenga. Iwo ayi. Mukakhala anthu asanu ndi mmodzi pa tebulo, woyamba amagulira onse, akamaliza wachiwiri amadzuka, mpaka aliyense atagula, ndipo kuchoka nthawi yako isanakwane ndi chinthu chamanyazi kwambiri kwa iwo, sakuuza pamaso koma amakumbukira. Mnzanga wina mphunzitsi wa ku pulayimale anakhala nawo pansi osadziwa, analandira mowa woyamba nkuthokoza, wachiwiri nkuthokoza, akuganiza kuti lero Mulungu wamukumbukira, kenako anangoona maso onse ali pa iye. Pa tebulopo awiri amamwa dabulo ya Jameson. Anandiitanira kuseri kwa chimbudzi, aise ndibwereke kaye, ndipo ndalama yomwe inapita pa raundi imodziyo inali yoti akanagula ndiwo sabata yathunthu. Komanso raundi imakumwetsa mowa wambiri kuposa momwe unakonzera, chifukwa liwiro limakhala la amene amamwa msanga pagulupo. Njira yake ndi yosavuta, nenani poyambirira pomwe kuti ine ndizigula wanga, sakhumudwa ngakhale pang'ono, amangoti chabwino. Chomwe sakonda nkulandira kenako nkusowa.

Ndipo tisamaganize kuti mzungu aliyense pamenepo ali ndi chikwama. Ena ndi ongodzipereka, sakulandira kanthu, akudya zomwe anasunga kwawo. Mtsikana wina amaphunzitsa pa sukulu ina ndipo amalandira m'makwacha ngati ife, iyeyo amagula Kuche Kuche imodzi nkukhala nayo mpaka itafunda, ndipo ndi yekhayo pagulu lonse amene sindinamumvepo akunena kuti mowa ngotchipa. Amene amalandira ma euro kwacha itagwa mowa wawo unatchipa usiku umodzi, amene amalandira kwacha unawakwerera limodzi ndi ife tonse.

Chakudya mwachidule. Kampango wowotcha ndi chipisi ndi wabwino kwambiri, chambo chimadalira tsiku ndipo nthawi zina ndi kakang'ono koti sukanayenera kuchotsedwa m'madzi, funsani akuonetseni asanaphike. Nsima amaphika ukapempha. Konzekani kudikira, ola lathunthu si zachilendo, ndipo ndikukayika ngati zimenezi sizichitika dala kuti uitanitse botolo lina. Kanyenya kulibe, zomwe kwa ine ndi kulakwitsa kwakukulu pa bala ya pa Malawi.

Anyamata ndi atsikana ogwira ntchito ndi aulemu, amalankhula Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi mosinthasintha, koma pali kakhalidwe kena komwe sindinakakonde. Bala ikadzadza, wakuda umadikira. Ndinaimapo pa kauntala ndalama ili m'manja, anthu awiri obwera pambuyo panga nkuthandizidwa ine ndilipo, mpaka mmodzi wa azunguwo ndi amene ananena kuti bambo amene anayamba ndi awa. Ndikudziwa kuti nkhani ndi tipi, iwo amasiya kenakake ife nthawi zambiri sitisiya, koma ndalama ya mowa ndi imodzimodzi.

Bilu muziyang'anitsitsa. Amalemba m'kope ndi bolopeni pansi pa dzina lako kapena nambala ya tebulo, ndipo usiku ukapita zinthu zimasokonekera, ine anandiikirapo ma gin awiri a tebulo lina. Nditafunsa anachotsa mosavuta nkupepesa, sindikuganiza kuti kunali kuba, koma ndikanakhala kuti ndaledzera ndikanalipira. Bwino kulipira botolo lililonse pomwepo. Airtel Money ndi Mpamba amalandira, makina a khadi alipo koma amadalira netiweki, ndipo ku Chembe musadalire kuti mukatapa ndalama kumeneko, tapirani ku boma kapena ku Monkey Bay musanakwere phiri.

Pa 17 March, tsiku la St Patrick lomwe ndi chikondwerero chachikulu cha dziko la Ireland, ndi pomwe pamadzadza kwambiri, amabwera ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre komwe atavala zobiriwira, kuimba nyimbo zakwawo mpaka usiku, ndipo ndi tsiku lokhalo lomwe ndinaona Guinness itatsitsidwa mtengo, inatha dzuwa lisanalowe. Ndi nthawi ya mvula imeneyo ndiye msewu muziuganizira. Masiku ena onse nyimbo ndi zapansipansi, mutha kucheza osakuwa, zomwe ine pa msinkhu wangawu ndimayamikira.

Kumbukiraninso kuti kuseri kwa mpandawo ndi mudzi wa anthu, asodzi akudzuka m'bandakucha, ana akupita kusukulu, ndipo boma lathu lino Asilamu ndi ambiri, makamaka nthawi ya Ramadan si bwino kumayenda ndi botolo m'manja pakati pa nyumba za anthu ukukuwa. Pamenepa ma Irish omwe akhalitsa amasamala kuposa alendo athu ena a ku tauni, ndinene zoona.

Ngati simukugona komweko konzani zobwerera kusanade. Msewu wochoka ku Chembe kukalumikiza wa ku Monkey Bay ndi wa makilomita pafupifupi 18, wokhotakhota m'mapiri a mu paki, si woyendetsa munthu atamwa ma gin atatu, ndipo anyamata a njinga zamoto ikangokwana 8 koloko usiku mtengo amauwirikiza kawiri, akakuona ukutuluka pa geti la bala imeneyi amayambira katatu.